Agogo Ake Ndine Ndekha, Ndifa Kamodzi

Ine mawu anga ndi aakulu, zimenezo musandiuze, ndikuzidziwa. Ndikaitana nkhuku zanga kwathu ku Ligowe, zimabwera ndi za eni ake zomwe. Kukwaya ya amayi anandibweza kumbuyo, ati ndikumiza anzanga. Ndiye mdzukulu wanga wamkazi atapeza ntchito ku Blantyre, mawu ake oyamba sanali akuti agogo ndachita mwayi ayi. Anati, "Agogo, chonde, tsiku lokakambiranalo inu musapite nawo."

Mwanayu ndi wa mwana wanga woyamba. Ndamulera ndine kuyambira ali kumsana, chifukwa mayi ake moyo wawo wathera m'makhitchini a anthu m'tauni. Sukulu anamaliza folomu folo, basi n'kukhala pakhomo, kundithandiza kumunda ndi kugulitsa manachesi pamsika wa pa boma. Pamsikapo ndi pamene anamuonera mayi wina wobwera ndi galimoto kudzapikula mbatata ndi manachesi. Mayiyo ali ndi malo odyera ku Blantyre. Anaona mwana wachangu, wamanja oyera, ndiye anamuuza kuti, "Ulendo winawo ndikadzabwera tidzakambirane. Ukakonze chikwama, tidzapitira limodzi."

Mwana uja anafika kunyumba mano onse panja. Ine ndinali kusenda chinangwa pakhonde.

Ndinati, "Chabwino. Nanga wawafunsa chiyani?"

"Kufunsa chiyani, agogo? Ndinangoti zikomo."

"Ukagona pati?"

"Kaya."

"Ntchito yake ndi yotani? Kuphika, kutsuka, kapena kulera ana awo?"

"Anangoti ntchito."

"Ukadwala?"

"Aaa, agogo, uja ndi munthu wamkulu. Ine ndimufunse mafunso ngati wapolisi?"

Mpeni ndinauika pansi. Mukudziwa mmene timalerera ana aakazi kuno. Gwada, maso pansi, wamkulu akayankhula iwe uziti eya. Mdzukulu wangayu ulemu umenewo anaumwa wonse, palibe m'mudzi muno amene amagwada bwino kuposa iye. Koma eya ameneyu ine ndinaona kumene amakafikitsa munthu.

Mayi ake anapita kutauni ndi eya yemweyo. Anthu anabwera, anati tikufuna mtsikana wa pakhomo, iye n'kugwada, eya, zikomo, ulendo. Zaka zinapita. Amuna anga, bambo ake, atamwalira, tinatumiza uthenga. Abwana ake anamuuza kuti, "Kuno kuli alendo, udikire achoke kaye." Iye anatani? Eya. Kuno maliro sitisunga, munthu akatisiya lero mawa tamuperekeza. Mwana wanga anafika tsiku lometa. Anachita kumutengera kumanda ngati mlendo, n'kumulozera mtumbira kuti bambo ako ndi awa. Kulira kumene analira tsiku limenelo sindidzakuiwala. Mpaka lero nkhani ya bambo ake ikayamba, iye amanyamuka kukayang'ana madzi pamoto.

Ndiye ndinamuuza mdzukulu wanga kuti, "Wandiletsa kupita, ndamva. Koma kukamwa kwakoko ndikutsegula ndisanakutulutse pakhomo pano."

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa jekete ya malemu amuna anga. Ndinaivala pamwamba pa chitenje, n'kukhala pampando mwendo wina pamwamba pa unzake. Foni yanga inali chitsononkho. Ndinatsina mphuno kuti mawu azimveka a m'tauni.

"Iwe mtsikana! Bwera kuno!"

Anabwera akuseka, n'kugwada.

"Kwanga uzidzuka tambala asanalire. Wamva?"

"Eya."

"Kugona uzigona pakhonde ndi galu wanga. Bulangete ndi la galu."

"Eya."

Ndinavula jekete. "Iwe! Wavomera kugona ndi galu?"

"Agogo, si masewera kodi?"

"Mayi ako nawonso ankayesa masewera. Tiyambirenso!"

Tinayambiranso. Tsiku limenelo, mawa lake, mkuja wake, tikangoweruka kumunda jekete pathupi. Tsiku lina ndimakhala bwana wankhanza. Tsiku lina ndimakhala dona wokoma pakamwa, uja amati, "Aaa mwana wanga, kwathu ukakhala ngati mwana wa m'nyumba, zofunsafunsa n'zachiyani?" Ameneyo ndiye ndinkamuchenjeza naye kwambiri, chifukwa mwana wa m'nyumba salipidwa ndipo saweruka. Anthu opita kumjigo ankatula ndowa kumpanda kuti aonere. Ena mpaka kufika ndi mipando yawo.

Achimwene anga, eni mbumba yathu, ankakhala patsinde pa mtengo wa mapeyala akupukusa mutu. Mwanayu ankawaitana malume, kutengera mayi ake, ndipo anali pachibale cha mphaka ndi mkaka, sankasiyana. Iwo anati, "Achemwali, mwanayu mumuthawitsira mwayi. Wokapala moto safunsa kuti nkhuni zake n'za mtengo wanji. Atsikana ofuna ntchito adzaza Neno yonse, mayiyo akangomva mafunso atenga wina."

Ndinati, "Achimwene, inu pa ukwati wa mwana aliyense m'mbumba muno mumafunsa mkamwini mpaka thukuta. Kwanu n'kuti, mumadya chiyani, mukadzakangana tidzapita kwa yani. Lero mwana akupita kukakhala m'manja mwa munthu wosamudziwa, ndiye akangoti eya?"

"Ukwati ndi ukwati, ntchito ndi ntchito."

"Konseko munthu amagona kwa eni ake!"

Anangoseka, ati inu mukafa tidzapuma makutu.

Koma mawu awo anamulowa mwanayo. Anayamba kuonda ndi maganizo. Mafunso ena anayamba kuwatha ndithu, la pogona, la ntchito, la kudwala, la tsiku lopuma, la malipiro kuti amabwera liti ndipo mbale ikasweka amadula kapena ayi. Koma funso lalikulu, la maliro, limamukanika. Akafika pamenepo ankangoti kukamwa yasa, misozi lengelenge.

"Agogo, ndinganene bwanji kuti mukadzamwalira, inu muli moyo? Si kukutemberera kumeneko?"

"Ine ndakupatsa chilolezo. Ndiphe! Ndiphe pamaso pa mayiyo, kusiyana n'kuti adzakulozere mtumbira wanga ndi chala."

Tsiku lija linafika. Mdzukulu wanga anavala diresi yake ya kutchalitchi, chikwama m'manja, n'kundigwadira. "Agogo, munalonjeza. Musabwere."

Ndinati, "Pita bwino, mwana wanga."

Atangokhota pa mjigo, ine dengu la manachesi pamutu. Ndinalonjeza kuti sindipita kokambirana. Za kumsika sindinalonjeze, msika si wa munthu. Ndinakwera njinga yamoto, wakabaza n'kumadandaula njira yonse kuti agogo musandikuwire m'khutu ndingagwetse.

Pa boma ndinaipeza galimoto ija itaima pafupi ndi tiyirumu ina ya matabwa. Ndinazungulira kuseri, n'kukhala pansi chotsamira matabwawo, dengu patsogolo ngati ndikugulitsa. Kuseri kwa tiyirumu kumene kumadutsa mbuzi zokha! Chitenje ndinafunda kumutu, nsonga yake n'kuiluma kuti pakamwa pasatuluke kanthu. Matabwa ake anali a mipata, zonse zinkamveka.

Mayi uja mawu ake ndi onenepa, a munthu wozolowera kutuma. "Ndiye wakonzeka eti? Ntchito kwathu ndi yambiri, sindifuna waulesi."

"Eya."

"Sindifuna za mafoni pa ntchito."

"Eya."

"Sindifuna zibwenzi pakhomo panga."

"Eya."

Mayo ine! Mtima wanga unagwera m'dengu. Ndinati jekete ija ndinaivalira chabe. Ndinamva mpando ukukhwekhwereza, mayiyo akunyamuka. "Chabwino, kaike chikwama m'galimoto."

Kenaka kamawu kakang'ono, ngati ka mwanapiye. "Amayi, pepani. Ndisanakwere, ndili ndi mafunso."

Mpando unasiya kukhwekhwereza.

"Mafunso? Iwe undifunse ine?"

"Eya, amayi. Mukandilola."

Mayiyo anaseka, mpando n'kulira, wakhalanso. "Zaka zonsezi ndalemba atsikana, sindinafunsidwepo. Tafunsa timve."

"Ntchito yanga ikakhala iti kwenikweni? Ya kumalo odyera, kapena ndi ya kunyumba kwanu komwe?"

"Ya kumalo odyera. Kuperekera zakudya ndi kutsuka. Kunyumba ndili naye wina."

"Nanga pogona?"

"Kuseri kuli chipinda, mukagona awiri ndi mtsikana mnzako."

"Chitseko chake chimatsekeka m'kati?"

Ine kuseri kuja ndinamenya ntchafu. Limenelo sindinamuphunzitse ine! Analitola yekha!

Mayiyo anati, "Loko wake anathyoka. Ndikakonzetsa, wanena bwino."

Mwana uja tsopano mawu anayamba kukhala pansi. Anafunsa za kudwala, mayiyo anati kuchipatala amaperekeza yekha. Anafunsa za malipiro, anamuuza tsiku lake, n'kuti mbale yosweka mwangozi sadula koma ukaswa chifukwa chocheza ndi anyamata amadula. Anafunsa za kutchalitchi. Apo yankho silinali lokoma, ati Lamulungu amasinthana, lina upita lina ugwira, ndipo za Khirisimasi aiwale, ndi nthawi imene anthu amadya kwambiri. Mwana wanga anati, "Ndamva, zimenezo ndikwanitsa." Si eya wogwada uja ayi. Uyu anali eya wa munthu amene wayeza katundu asanasenze.

Ine ndikudziwa chatsala. Chitenje ndinachiluma mpaka mano kuwawa. Ndinati nena mwana iwe, ndiphe, ndili pompano ndikudikira kufa.

"Amayi, latsala limodzi. Agogo anga amene anandilera akadzamwalira, mudzandimasula tsiku lomwelo kuti ndidzawaone nkhope asanatseke bokosi?"

Ndinafa ine, anthuni. Ndinafa bwinobwino kuseri kwa tiyirumu, misozi ili chuchuchu, ndipo sindinakondwepo chonchija chibadwire.

Koma mayiyo mawu anasintha. Anauma gwa.

"Ehee. Ndimadziwa kuti tifika pamenepa. Iwe, za maliro usandiyambe. Mtsikana amene ndinali naye anaika agogo ake mwezi wa Malichi, ndinamupatsa ndi thiransipoti yomwe. Pofika nthawi yokolola, agogo omwewo amwaliranso! Kumudzi kuno aliyense ndi m'bale wanu, maliro sakutha, ine bizinesi itseke? Tandiuza, iweyo uli ndi agogo angati?"

Apo ndiye chitenje chinandipulumuka mkamwa. Sindikudziwa kuti ndinazungulira bwanji, ndinangopezeka ndili pakhomo pa tiyirumu, dengu lagubuduka, manachesi ali mbwee mpaka kumsewu.

"Ndine ndekha! Agogo ake ndine ndekha! Mundiyang'ane bwino mayi, nkhope ndi iyi, mano otsala ndi awa! Ine ndifa kamodzi, sindibwereza!"

Mayiyo tiyi anamutayikira pa chitenje. Mwini tiyirumu anagwira pamimba. Ogulitsa tomato anasiya malonda, akabaza anazimitsa njinga, msika wonse unabwera kudzaona agogo ofa kamodzi. Mdzukulu wanga anaphimba kumaso ndi manja onse awiri. Ndinaona mayi uja akutola makiyi a galimoto patebulo, nkhope itakwinyika. Mumtima ndinati achimwene ananena, mwayi uja ndauthamangitsa ndi pakamwa panga.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze zinthu. Ndiye mwana uja anachotsa manja kumaso. Anabwera, n'kugwada patsogolo panga monga mwa mwambo wake, koma maso anandiyang'ana m'maso.

"Agogo, khalani pansi apo. Ntchitoyi ndi yanga, ndiyankhula ndine."

Ine? Kundikhazika pansi ine? Amuna anga anayesa zaka zonse za ukwati wathu osatha. Abusa analephera. Koma ndinakhala, anthuni. Ndinakhala pabenchi phee, ngati mwana wa sukulu ya mkaka.

Anatembenukira kwa mayi uja. "Amayi, pepani chifukwa cha phokosoli. Agogo ndi amenewa, mwawaona, simungawasokoneze ndi ena. Inu mukunena zoona, maliro kumudzi sakutha, ndipo sindidzakupemphani kuti ndizipita onse. A m'mudzi ndizidzapepesa ndikabwera patchuthi. Ndikupempha a anthu amene anandilera basi. Agogowa, mayi anga, ndi malume eni mbumba. Uthenga ukadzafika, mudzandimasule nthawi yomweyo, chifukwa kwathu sitigoneka maliro masiku. Tikaika, ndidzabwerera, ndipo masiku amenewo ndidzabweza pa Malamulungu anga opuma. Ngati zimenezi n'zosatheka, mundiuze lero, nditsale. Mayi anga anapeza bambo awo ataikidwa kale. Ine zimenezo ayi."

Mayiyo makiyi anawabweza patebulo. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenaka n'kuyang'ana ine.

"Agogo, mwanayu munamuphunzitsa ndinu?"

Ndinaloza pakamwa panga kuti ndaletsedwa kuyankhula. Anthu anafa nako kuseka.

Mayiyo naye anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati, "Anthu atatu amenewo ndavomera. Koma agogo awa, mmene ndawamveramu, tidzayamba kufa ndife."

Mwana uja sanathere pompo. Anati, "Amayi, kwathu mawu otere amakhala ndi mboni, ngati pa chinkhoswe. Bambo a tiyirumu ano amva, anthu onsewa amva."

Mwini tiyirumu anati, "Ndamva ine, ndipo msika wonse wamva, ndi kutali ku Chifunga komwe amva."

Mayiyo anandifunsa kuti, "Nanga agogo, uthenga wanu ndidzaukhulupirira bwanji? Adzandiimbire ndani?"

Ndinayang'ana mdzukulu wanga, iye n'kugwedeza mutu kuti yankhani. Ndinati, "Mayi, foni siidzafunika. Tsiku limene mudzamve Neno yati zii, mudzangomupatsa chikwama."

Mdzukulu wanga anakwera galimoto madzulo ake, pamwamba pa matumba a mbatata. Ine ndinatola manachesi anga amene mbuzi zinasiya, n'kubwerera. Nditawafotokozera achimwene zonse, mawu a aliyense ndikuwatengera, anaseka mpaka kutsokomola. Koma kugonja ayi. Anati, "Kuvomera pa tiyirumu n'kosavuta, achemwali. Tidzaone tsiku lake."

Tsiku lake linabwera, koma silinali langa. Dzinja lotsatira, mvula ili pakati, achimwene anadwala chibayo. Tinawatengera kuchipatala cha pa boma, sanabwerere ndi mapazi awo. Mayi ake a mwanayu anali atabwerako kale kumudzi nthawi imeneyo, miyendo itayamba kuwavuta, ndiye ndi amene anaimba foni. Atatha anangoti, "Mwana uja wamva." Koma ndinaona maso ake akuthawira kumsewu nthawi ndi nthawi.

M'mawa mwake mvula inali itangokata pang'ono. Anthu ankanena kuti msewu wathu uja wasanduka phala, maminibasi atitimira m'mapiri. Adzukulu okumba manda anatumiza mawu kuti kwatha. Azibambo anayamba kunong'onezana kuti tisachedwe, mitambo ikubweranso. Ine ndinali m'nyumba ya siwa, pamutu pa bokosi, ndikulira mlongo wanga, khutu limodzi lili panja. Akulu a mpingo anati tiyeni tione nkhope komaliza. Anthu anayamba kuzungulira. Mzere unafupika, unafupika, mmisiri amene anakhoma bokosi wagwira kale chivundikiro.

Ndiye ndinamva njinga yamoto ikulira movutika kumunsi kwa mjigo.

Mdzukulu wanga analowa m'nyumba, matope mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja, diresi yonse yofiira ndi dothi. Minibasi inawasiya panjira, anayenda pansi, kenaka n'kupeza wakabaza wolimba mtima. Mayi wa malo odyera uja anamumasula nthawi yomwe foni inalowa, mbale zili m'madzi, n'kumupatsira shuga ndi mchere wa pamaliro. Anthu anapatuka. Anagwada pabokosi, n'kuwaona malume ake nkhope, n'kuwalira bwinobwino mpaka mtima kutsika.

Mayi ake anandigwira dzanja, n'kulifinya. Anangoti, "Amayi, wapeza asanatseke."

Ine pamenepo kulira kunasokonekera. Pamaliro pali malamulo ake, ndikudziwa, koma ndinawerama pabokosi n'kunena, ndipo amati ndi panja pomwe anamva. "Achimwene! Munati tidzaone tsiku lake. Tsiku lake ndi lino, dzukani muone amene wafika! Mwayi uja sunathawe, mwana ali pantchito, ndipo wabwera kudzakuperekezani!"

Amayi a chigwirizano anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Ena ankalira, ena ankabisa kuseka m'mipango. Abusa anangoyambitsa nyimbo.

Titameta, mwana uja anabwerera kuntchito monga ananenera, n'kukabweza Malamulungu ake. Ali komweko mpaka lero, pano ndi amene amalandira katundu ndi kuyang'anira atsikana atsopano. Ati akabwera wina woti eya, eya, iye amamutengera kuseri n'kumuuza kuti bwerera ukafunse, amayiwa saluma.

Jekete ija sinabwererenso m'sutikesi. Ili pa msomali pakhomo, chifukwa mwana wa m'mudzi muno akapeza ntchito, kaya ya m'sitolo, kaya ya ulonda, makolo ake amamubweretsa kuti agogo mumuvalire jekete. Ndimawavalira, ndimawagoneka ndi galu mpaka aphunzire kukana.

Mayi wa malo odyera uja akabwera kudzapikula mbatata, amatsitsa galasi la galimoto n'kukuwa, "Agogo, simunafebe?"

Ine ndimati, "Ndikudikira mvula ikate, mwana wanga asadzavutike ndi matope!"